Dzanja la mchere

Pa layini folo, mdadada wa nyumba za antchito kumunsi kwa fakitale ya tiyi, akazi odziwa kuphika analipo ambiri, koma wodziwa kuthira mchere anali mmodzi. Musaseke. Kuthira mchere mumphika wa anthu anayi aliyense amatha. Kuthira m'dramu lodula pakati, la nandolo wa pamaliro, loti lidyetse layini yonse pamodzi ndi alendo ochokera kwa Changata, imeneyo ndi ntchito ina. Fainess ankangoliyang'ana dramulo, n'kutapa ndi dzanja kamodzi, kawiri, kachitatu n'kungotsina ndi zala, osalawa n'komwe. Anthu ankadya osadandaula, ndipotu anthu a pamaliro sachedwa kudandaula.

Panali chifukwa chinanso chimene ankamuitanira, chimene sichinkanenedwa mokweza. Kuno timadziwa tonse, ngakhale ife oimba kwaya, kuti mchere suthiridwa ndi mkazi wamba. Mkazi amene wayenda njira yamseri, akathira mchere m'ndiwo, odya amatupa miyendo, amatsokomola, amafooka. Ndiye tsempho limenelo, ena amati mdulo. Choncho pa mphika wa anthu ambiri pamafunika dzanja lopanda chikaiko, ndipo kwa zaka makumi awiri dzanja limenelo linali la Fainess. Sanapite patali ndi sukulu, analibe munda, analibe ngakhale mbuzi. Chimene anali nacho ndi dzina limeneli, ndipo ankalinyadira, ngakhale sakanavomera mutamufunsa.

Anabadwira kwa Nsabwe, wachinayi mwa ana aakazi asanu ndi mmodzi. Agogo awo atawoloka kuchokera ku Mozambique anapatsidwa kamunda pamalo otsetsereka. Kamundako kanagawidwa kwa ana, kenaka kwa zidzukulu, mpaka gawo la Fainess linatsala mizere isanu ndi inayi ya chinangwa, imene mkulu wake anamangapo nyumba. Sanakangane naye. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anamanga kathumba, n'kukalembetsa yothyola tiyi. Kuyambira pamenepo wakhala wa sizoni: mvula ikayamba amamulemba, masamba akachepa amamusiya, chaka chamawa amamulembanso ngati munthu amene sanamuonepo. Zala zake zinada ndi utomoni wa masamba moti sopo anazitaya kalekale.

Mwamuna wake Amosi anakumana naye m'munda momwemo. Iye anali wodulira tiyi, mwamuna wosalankhulalankhula, wa mapewa otambalala. Anabadwira pa layini, bambo ake anafera pa layini, ndipo mukamufunsa kwawo ankaloza khomo lomwelo. Koma anali wa pemanenti, ndipo nyumba ya zipinda ziwiri ija inalembedwa pa nambala yake ya ntchito. Ntchito ikatha, nyumba yatha. M'nyumba imeneyo anabereka Betty, amene tsopano anakwatiwa ku Bvumbwe, kumene amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndipo amagona m'chipinda chimodzi chalendi ndi mwamuna ndi ana awiri.

Matenda anayamba mwaulemu. Amosi anayamba kuima pakati pa chitunda chochokera kumtsinje, n'kumayerekeza kuti akuyang'ana mitambo. Kenaka jombo zinayamba kukana kuvuka. Fainess ankakhala pansi n'kumakoka, iye atagwira mwendo wa tebulo, mpaka tsiku lina anachita kung'amba jomboyo ndi mpeni. Mwendo umene unatulukamo unali wonyezimira, ndipo ataudina ndi chala panatsala dzenje limene linatenga nthawi kuti libwerere. Kugona chagada kunakanika, ankagona chokhala, atatsamira khoma. Kapitawo wawo, a Crispin, anali mlamu wake, mwamuna wa mchemwali wake wamkulu a Enid. Anamumvera chisoni n'kumuchotsa kodulira, kumuika pa sikelo, poti azingokoleka madengu n'kutchula kulemera kwake.

A Enid tiziwatchula ndi ulemu, chifukwa ndi mkazi wa kapitawo ndipo saiwala zimenezo. Si munthu woipa ayi. Anamulera Amosi kumsana mayi awo ali m'munda, ndipo mpaka lero amamuona ngati mwana amene anangobwereketsa kwa mkazi wina. Chipatala cha boma chitalemba kalata yoti Amosi akaonedwe ku Blantyre, unali mwezi wa Januwale, masamba ali pachimake, ndipo wa sizoni akajomba m'mwezi umenewo malo ake amapeza patakhala wina. Choncho amene anaperekeza wodwala ndi a Enid.

Zimene zinachitika kumeneko Amosi anamufotokozera Fainess mawa lake masana, kuseri kwa nyumba, motsitsa mawu. Anamutenga magazi, anamuunika pachifuwa ndi makina, kenaka dokotala, mnyamata wokulira m'tauni, anamuitana yekha. A Enid anatsala pabenchi panja. Dokotalayo anali wofatsa ndipo anafotokoza bwino. Anati mtima ukamasenza katundu woposa mphamvu zake umakokeka, ndipo ukakokeka umatulutsa kanthu kena m'magazi, kamene iwo amakatchula BNP. Akakayeza amadziwa ngati kubanikako kukuchokera m'mapapo kapena mumtima. Kwa munthu wabwinobwino nambala yake sipitirira 100. Ya Amosi inali 1,900.

"Ndiye kuti mtima ukutuluka thukuta," anatero Fainess.

"Eya, ndi thukuta lake limenelo. Akuti watopa. Sukupopa mokwanira, ndiye madzi akutsalira m'miyendo ndi m'chifuwa."

Anatulutsa pepala m'thumba la malaya. Fainess anatha kuwerenga nambala yokha. Pansi pake panali mzere wa Chingerezi, ndipo Amosi anaumasulira osamuyang'ana kumaso: munthuyu asagwire ntchito yolemetsa.

Onse awiri anakumbukira a Peterson a khomo lachitatu. Iwo anapita okha ku ofesi ndi pepala ngati lomweli, poganiza kuti awapatsa ntchito yopepuka. Anawapumitsa pa zifukwa za matenda, mwaulemu wonse, ndi notisi ya mwezi umodzi yotulukira m'nyumba. Thirakitala inanyamula katundu wawo kukamutula pamsewu waukulu, ndipo kumene analowera palibe akudziwa bwinobwino.

"Wina waliona?" anafunsa Fainess.

"Ayi. Achemwali ndawauza kuti ndi BP."

Anangochotsapo chilembo chapakati. BP ndi matenda aulemu, theka la esiteti lili nawo, ngakhale a manejala, ndipo palibe anachotsedwapo ntchito chifukwa cha BP. Fainess anaona kuti mwamuna wake wachita mwanzeru. Anapinda pepalalo n'kulilowetsa m'chikuto cha Baibulo.

Chimene Amosi sanadziwe n'chakuti dokotala ali mkati molangiza, namwino anatsegula chitseko kuti atuluke, ndipo chinakhala chotsegula kanthawi kokwanira mawu ochepa. A Enid ali pabenchi paja anamva dokotala akufunsa kuti, "Amakuphikirani ndani?" Anamva Amosi akuyankha kuti, "Akazi anga." Ndipo anamva dokotala akunena momveka bwino kuti, "Mchere umene amathirawo ndi umene ukukutupitsani." Chitseko chinatsekeka. Mnyamata uja ankanena za mchere wa m'paketi, umene umasunga madzi m'thupi. A Enid anamva zimene mkazi aliyense wa msinkhu wawo akanamva. Anakhala chete mu minibasi njira yonse, chinthu chimene sichinachitikepo, ndipo Amosi anaganiza kuti atopa.

Fainess anachita zimene dokotala ananena. Anasiyiratu mchere, usipa wouma anauchotsa pakhomo, soda wa m'therere anamuiwala. Ankakazinga anyezi kwambiri, kuthira tomato wochokera kwa Betty, kufinyira ndimu. Iyenso ankadya zomwezo, chifukwa kuphika miphika iwiri n'kwa anthu a nkhuni zambiri. Amosi ankamwa mapiritsi ake okodzetsa, amene ankakatenga ku boma osati ku kiliniki ya esiteti, ndipo patatha milungu itatu akakolo ake anaonekanso. Tsiku limene anavala jombo zatsopano yekha, Fainess anasangalala ngati wapatsidwa munda.

Koma pa layini makoma ndi a njerwa imodzi. Magdalena, mnzake wa khomo loyandikana, anabwera kudzapempha mchere monga ankachitira masiku onse, ndipo Fainess mosaganiza anati, "Tengani wonse, kuno tinasiya kuthira." Magdalena sananene moipa. Anangonena pampopi ngati chinthu chodabwitsa. Mawuwo anakakumana ndi aja a Enid anabwera nawo ku Blantyre, ndipo anakwanirana ngati mphika ndi chivundikiro chake. Mwamuna anatupa. Dokotala weniweni, wa ku Blantyre, anatchula mchere wa mkazi. Mkazi wasiya kuthira, mwamuna waphwa. Mukufunanso umboni wanji? Wina wanthabwala anawonjezera kuti wodulira tiyi naye amudula, ndipo mawuwo anakoma kwambiri moti anafika mpaka ku layini seveni dzuwa lisanalowe.

Mwini nkhani amamva pomaliza. Fainess anazindikira pa maliro a mwana wa kalaliki wa ku fakitale. Nandolo atapsa anasamba m'manja n'kuyandikira dramu monga mwa nthawi zonse, ndipo anapeza mbale ya mchere ili m'manja mwa mayi wina, amene anaigwira ndi manja awiri n'kumayang'ana kumbali. "Inu mukatithandize kumadzi," anatero wina mokoma mtima. Anatenga ndowa. Anatunga maulendo asanu ndi umodzi, ndipo pa ulendo wachitatu ndi pamene mutu wake unagwira tanthauzo lake. Manyazi anamugwira. Nandolo wa tsiku limenelo anawawa mchere, koma palibe anadandaula.

Lamlungu lotsatira, atangoweruka ku tchalitchi, a Enid anabwera ndi a Crispin, Magdalena ndi mayi wina wamkulu wa mumpingo. A Enid ananyamula kamphika ka nandolo kokulunga m'nsalu, ndi paketi ya mchere yosatsegula. Anakhala m'chipinda chochezera, chimene ndi chaching'ono moti mawondo ankagundana.

"Alamu," anayamba a Enid, "sitinabwere kudzakangana. Achimwene angawa ndinawabereka kumsana, ndipo sindingawaone akufa ndili chete. Zimene ananena dokotala ndinazimva ndi makutu angawa. Anati mchere wanu."

"Achemwali, si mmene mukuganiziramo," anatero Amosi. "Ndi BP. A BP onse amawaletsa mchere."

"A Crispin ali ndi BP chaka chachisanu ichi. Anatupapo? Anang'ambapo jombo?" Anavundukula kamphika. "Nandolo uyu ndaphika ndekha, mulibe mchere. Alamu athire ndi dzanja lawo, inu mudye tikuona. Ndipo kuyambira lero azithira tsiku lililonse, ndizibwera kudzalawa. Ngati ali bwino, sipachitika kanthu, ndipo ine ndidzagwada pampopi pamaso pa onse kuwapepesa. Mwezi umodzi wokha."

Anang'amba paketi ija ndi mano n'kuiika patsogolo pa Fainess.

Fainess anauyang'ana mcherewo. Dzanja lake linkadziwa kale muyezo wa kamphika kameneko, zala zitatu basi. Kutsina kumodzi sikukanapha munthu tsiku lomwelo, ankadziwa zimenezo. Koma mwezi wathunthu ankaudziwanso. Pa Isitala Amosi anadya kwa mnzake masiku awiri otsatizana, ndipo miyendo inabwerera, anagonanso chokhala sabata yonse. Akathira, mwamuna atupa, ndipo layini yonse idzati taonani. Akakana, adzati wavomera. Anayang'ana uku ndi uku m'mutu mwake ngati nkhuku yotsekeredwa m'dengu, ndipo khomo linali limodzi lokha, pepala lija la m'Baibulo. Koma pafupi ndi Baibulolo panakhala a Crispin, atagwira chipewa pamawondo, ndipo a Crispin ankakonda kunena kuti chimene kapitawo waona ndi maso, ofesi yaona.

Amosi anagwira tebulo n'kuyamba kudzuka. "Dikirani," anatero. "Pali chinthu ndikufuna ndikuonetseni."

A Crispin anaweramitsa mutu n'kumayang'ana m'chipewa chawo. Fainess anaona zimenezo ndipo anamvetsa kuti bamboyo akudziwa kale theka lake, ndipo akupempha ndi mtima wonse kuti asamuonetse theka linalo.

"Khalani pansi, abambo ake Betty," anatero Fainess. "Mukadzuka msanga mumachita chizungulire."

Amosi anaima pakati, osakhala osaimirira. Anayang'anana. Kenaka anakhala.

Fainess anapinda pakamwa pa paketi ija bwinobwino kuti mchere usatayike, n'kuikankhira kwa mwini wake. "Alamu, sindithira."

"Ndiye mwavomeratu."

"Ndati sindithira."

"Tiuzeni dzina la mwamunayo, tikapeze mankhwala, nkhani ithe," anatero mayi wa mumpingo uja, mofatsa ndithu.

Fainess analibe dzina loti apereke, ndipo kunamizira mwamuna wa mwini sakanatha. Anakhala choncho, manja ali pamiyendo, mpaka alendo anatopa n'kunyamuka. A Enid anatuluka akulira, kulira kwenikweni. Magdalena anatuluka osatsanzika. A Crispin anatsalira pakhomo, n'kunena mawu amodzi okha, kwa Amosi: "Mawa musachedwe ku sikelo, alamu."

Atatsala awiri, Amosi anati, "Amake Betty, mwadziphera dzina chifukwa cha zipinda ziwiri."

"Mvula ikagwa tifunda dzinalo?" anayankha Fainess, n'kuyamba kuchotsa makapu.

Anayankha molimba, koma tinene zoona, chinamupweteka kwambiri si mawu a Enid. Chinali chakuti pamene Amosi ankakhala pansi paja, iye anaona nkhope yake ikumasuka. Mwamunayo anadzuka ndi mtima wonse, sanachite chiphamaso, koma atauzidwa kuti akhale anapuma ngati munthu amene wamutula katundu. Fainess sanamuimbe mlandu, chifukwa iyenso akanapuma chimodzimodzi. Komabe masiku angapo ankamupatsa chakudya osamuyang'ana.

Moyo wa pa layini sunasinthe kwambiri, poti palibe kumene munthu angapite. Amagwiritsa ntchito mpopi womwewo, chimbudzi chomwecho, njira yomweyo ya m'munda. Ku mpingo sanamudule, poti panalibe womugwira, anangosiya kumupatsa mbali pa Lachinayi la amayi. Akazi amamupatsabe moni, koma mwana akalandira mbatata m'manja mwake amamuitana msanga kunyumba. Amuna ena, amene kale ankamupatsa njira, anayamba kumusekerera ndi maso m'mizere ya tiyi, mwina poganiza kuti mwayi ulipo. Betty anamva nkhaniyi ku Bvumbwe kwa wogula tomato, anabwera akupsa mtima kuti akalalatire azakhali ake, ndipo mayi ake anamukhazika pansi n'kumufunsa funso limodzi, loti chipinda chake chija chingakwane anthu angati. Anabwerera tsiku lomwelo.

Masana aliwonse Fainess amafola pa mzere wa sikelo ndi dengu lake. Akafika kutsogolo, Amosi amalinyamula kuti alikoleke, ndipo iye amasiya dzanja lake pansi pa dengulo, kulikankhira m'mwamba mobisa kuti kulemera kusagwere pa mwamunayo. Akazi a pambuyo amati akudzigulira chikhululuko.

Mu Seputembala, sizoni itatseka, anaperekeza yekha mwamuna wake ku Blantyre. Anamutenganso magazi, anadikira pabenchi pomwe paja, kenaka dokotala yemwe uja anawaitana onse awiri. Anayang'ana pepala latsopano n'kumwetulira. Thukuta la mtima lija linatsika kufika pa 520. Anati matendawa sachoka, mtima sudzabwerera mwakale, koma mapiritsi ndi kadyedwe zagwira ntchito kuposa mmene ankayembekezera.

"Ndinu amene mumaphika, mayi?"

"Ndine."

"Ambiri amalephera zamcherezi, amangoyesa sabata imodzi. Pitirizani chonchi. Dzanja lanu ndi labwino."

Fainess anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka ndi china, ndipo anaphimba kumaso ndi chitenje. Mnyamatayo anaganiza kuti ndi chimwemwe. Anamupatsa pepalalo m'manja mwake iyeyo, osati mwa Amosi.

Njira yonse analigwira pachifuwa. M'dziko lonse lapansi ndi pepala lokhalo limene limamuchitira umboni, ndipo pansi pa nambala yatsopanoyo mzere wa Chingerezi uja unalembedwanso, mawu omwe aja. Atafika kunyumba anaganiza za pobisa. M'Baibulo simunalinso bwino, chifukwa a Enid anayamba kubwera kudzamuwerengera mchimwene wawo mavesi, ndipo amatsegula paliponse. Pansi pa matiresi amafikapo aliyense wodzathandiza matenda akakula.

Anatenga chitini chake chakale cha mchere, chimene chinayenda naye maliro onse ndi maukwati onse a esiteti. Anachipukuta mkati, anapinda mapepala awiriwo pamodzi, anawaika momwemo n'kutseka. Chimakhala pashelefu pafupi ndi khomo, poonekera, ndipo popita kumunda sakiya n'komwe chitseko. Pa layini yonse palibe amene angachikhudze.